Kunenepa kopitirira muyeso pakati pa akuluakulu: kayezedwe, kukula kwa vutoli ndi zimene zimaliyambitsa

Ku Mulanje ndi ku Thyolo, nkhani ya kadyedwe ikangoyambika, maganizo a anthu ambiri amathamangira ku njala, ndipo palibe angawadzudzule. Malo ambiri achonde ali pansi pa tiyi, mabanja ochuluka amadalira timinda ting'onoting'ono, ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti boma lililonse mwa awiriwa lili ndi anthu pafupifupi 700,000. Komabe m'midzi yomweyi, makamakanso m'malo a malonda monga Chitakale, Limbuli, Luchenza ndi Bvumbwe, mukukula vuto lina limene sitinazolowere kuliona ngati vuto, ndilo kunenepa kopitirira muyeso pakati pa akuluakulu. Sichachilendo tsopano kupeza pakhomo limodzi pali mwana wopinimbira chifukwa chosowa zakudya zoyenera, pamene mayi ake thupi lawalemera mpaka mawondo ayamba kuwawa. Anthu awiriwa amadya za mumphika umodzi, ndipo ichi chokha chikusonyeza kuti kunena kuti munthu wonenepa ndi wosusuka sikufotokoza chilichonse.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati kunenepa kumasanduka matenda pamene mafuta achuluka m'thupi mpaka kufika poika umoyo wa munthu pachiswe. Mafuta paokha si mdani. Thupi limawasunga ngati nkhokwe ya mphamvu yoti igwire ntchito pa nthawi ya usiwa, pa matenda, pa pakati ndi poyamwitsa. Vuto limayamba nkhokweyo ikadzaza, mafuta n'kuyamba kuunjikana m'malo amene sayenera kuchuluka, monga m'kati mwa mimba mozungulira matumbo, m'chiwindi ndi pafupi ndi mtima. Mafuta a m'kati amenewa sangokhala chete. Amachititsa kuti thupi lisamamvere bwino insulini, homoni yochokera ku kapamba imene imalowetsa shuga wa m'magazi m'minofu, ndipo apa m'pamene pamayambira matenda a shuga a akuluakulu. Amathandiziranso kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima, sitiroko, kubanika kutulo, kutha kwa mfundo za m'mawondo ndi m'chiuno, mavuto a uchembere, komanso mitundu ina ya khansa monga ya m'mawere, ya m'matumbo ndi ya m'kati mwa chiberekero.

Maso sadalirika poyeza zimenezi, chifukwa amazolowera zimene akuona tsiku ndi tsiku. Muyeso umene achipatala amagwiritsa ntchito kwambiri ndi BMI, umene umayerekezera kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake. Kawerengedwe kake anakayambitsa katswiri wa masamu wa ku Belgium, Adolphe Quetelet, m'zaka za m'ma 1830, ndipo dzina limene tikulidziwa leroli analipereka ndi Ancel Keys wa ku America mu 1972. Munthu amayezedwa kulemera m'makilogalamu ndi kutalika m'mamita, kenaka kutalikako kumachulukitsidwa ndi nambala yomweyo, ndipo kulemera kuja kumagawidwa ndi yankho limene lapezeka. Mayi wamtali mamita 1.58 akachulukitsa 1.58 ndi 1.58 amapeza pafupifupi 2.5. Ngati akulemera makilogalamu 60, BMI yake ndi 24, ndipo ngati akulemera makilogalamu 75, BMI yake ndi 30. Kwa bambo wamtali mamita 1.70, nambala yogawira ndi 2.89, choncho amafika pa 25 akangodutsa makilogalamu 72, ndipo amafika pa 30 akafika makilogalamu 87.

Malire ake ndi awa. BMI yochepera 18.5 imasonyeza kuonda kodetsa nkhawa, kuyambira 18.5 mpaka pansi pa 25 ndiye mlingo woyenera, kuyambira 25 mpaka pansi pa 30 munthu amakhala wonenepa kuposa mlingo, ndipo kuyambira 30 kupita m'tsogolo ndiko kunenepa kwambiri kumene kumawerengedwa ngati matenda. Gawo lomalizali limagawidwanso patatu, pa 30, pa 35 ndi pa 40, chifukwa chiopsezo chimakula pamene nambala ikukwera.

Ubwino wa BMI ndi woti imangofuna sikelo, thabwa loyezera msinkhu ndi masamu ochepa, koma ili ndi malire amene munthu ayenera kuwadziwa. Sikelo siisiyanitsa mafuta, minofu ndi madzi. Mnyamata amene amasenza katundu wa alendo kuchokera ku Likhubula kukwera phiri la Mulanje angathe kulemera kwambiri chifukwa cha minofu, BMI yake n'kudutsa 25, iye alibe mafuta odetsa nkhawa. Mayi woyembekezera sayezedwa ndi muyeso umenewu, ndipo munthu amene watupa miyendo ndi mimba chifukwa cha vuto la mtima, impso kapena chiwindi amalemera ndi madzi, kotero kuti kumuuza kuti achepetse kudya kungakhale kumuphonya pa matenda enieni. Mbali inayo ndi yoopsanso, chifukwa pali anthu amene manja ndi miyendo yawo ndi yoonda koma mimba yatsogola, ndipo BMI yawo imaoneka yabwino pamene mafuta oipitsitsa aja aunjikana m'kati. Quetelet sankafuna kuyeza wodwala mmodzi, ankafuna kufotokoza anthu monga gulu, ndipo mpaka lero muyesowu umagwira bwino ntchito pa gulu kusiyana ndi pa munthu payekha.

Pa chifukwa chimenechi, ine ndimaona kuti kwathu kuno muyeso wa pamimba ndiwo uyenera kuphunzitsidwa kwambiri, popeza tepi ya telala imapezeka pamsika uliwonse pamene sikelo ya akuluakulu ndi yosowa. Munthu amaimirira, n'kuzunguliza tepiyo pakati pa nthiti yomalizira ndi fupa la m'chiuno, chapafupi ndi mchombo, atapuma mpweya kunja mwachizolowezi popanda kukoka mimba. Kwa amayi, chiopsezo chimayamba kukwera pa masentimita 80 ndipo chimakula kwambiri pa 88. Kwa abambo, malire ake ndi masentimita 94 ndi 102. Palinso njira yosafuna manambala, yakuti kuzungulira kwa pamimba kusafike theka la kutalika kwa munthu. Chingwe chodulidwa molingana ndi msinkhu wa munthuyo, chikapindidwa pawiri, chiyenera kukwanira kuzungulira mimba yake, ndipo chikalephera kukumana ndiye kuti mafuta a m'kati achuluka.

Tikayang'ana dziko lonse lapansi, ziwerengero za WHO za chaka cha 2022 zimasonyeza kuti akuluakulu okwana 2.5 biliyoni anali onenepa kuposa mlingo, kutanthauza BMI ya 25 kapena kuposa, ndipo mwa amenewa 890 miliyoni anali onenepa kwambiri. Izi zikutanthauza akuluakulu 43 pa 100 alionse m'gulu loyamba ndi 16 pa 100 alionse m'gulu lachiwiri, ndipo mlingo wa kunenepa kwambiri pakati pa akuluakulu wawirikiza kawiri ndi kupitirira kuchokera mu 1990.

Malawi sanafike pamenepo, koma njira imene akuyenda ndi yomweyo. Kafukufuku wa STEPS wa 2009, amene anachitidwa ndi unduna wa zaumoyo mothandizana ndi WHO pakati pa anthu a zaka 25 mpaka 64, anapeza kuti pafupifupi 22 pa 100 alionse anali ndi BMI ya 25 kapena kuposa, ndipo pafupifupi 5 pa 100 anali atafika pa 30. Kafukufuku wa dziko lonse wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kuposa mlingo, pamene mu 1992 anali 10 okha. M'tauni anali 36 pa 100, kumudzi 17 pa 100, ndipo amayi oonda modetsa nkhawa anali 7 pa 100. Manambala otsirizawa ndi ofunika kuwaganizira modekha, chifukwa akunena kuti pakati pa amayi a m'dziko muno, onenepa kuposa mlingo anali atachuluka kale katatu kuposa oonda, m'chaka chomwecho chimene ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Kafukufuku wina wamkulu wa bungwe lofufuza za umoyo la MEIRU, amene anachitika pakati pa 2013 ndi 2016 ku Area 25 mu Lilongwe ndi kumidzi ya ku Karonga, anapeza kunenepa kuposa mlingo mwa amayi 44 pa 100 a m'tauni ndi 27 pa 100 a kumudzi, pamene mwa abambo anali 18 pa 100 m'tauni ndi 9 pa 100 kumudzi.

Zinthu ziwiri zikuonekera poyera m'ziwerengero zonsezi. Choyamba, vutoli likugwera amayi kwambiri kuposa abambo. Chachiwiri, si la m'tauni mokha, ndipo maboma onga athu, amene anthu ake ambiri amakhala kumudzi koma ali pa msewu wa tala wolumikiza Limbe ndi malire a Muloza, amalandira msanga zakudya ndi makhalidwe a m'tauni. Chimene chimabisa vutoli ndi chakuti sikelo yathu inazolowera ana osakwana zaka zisanu, amayi oyembekezera ndi anthu olandira mankhwala a nthawi yaitali. Bambo wa zaka 45 amene sadwaladwala angathe kukhala zaka zambiri osakwerapo pa sikelo, ndipo m'buku lake la kuchipatala mulibe paliponse pamene panalembedwa msinkhu wake.

Pofotokoza chiyambi cha kunenepa, mfundo yoyamba ndi yosavuta. Chakudya chimapereka mphamvu imene imayezedwa m'ma calorie, thupi limagwiritsa ntchito mphamvuyo popuma, pogaya chakudya, pofunditsa thupi ndi pogwira ntchito, ndipo yotsala imasungidwa ngati mafuta. Munthu wamkulu amafuna ma calorie apakati pa 2,000 ndi 2,500 patsiku, kutengera thupi lake ndi ntchito yake. Kupitirira pang'ono chabe tsiku lililonse sikuoneka pa mwezi umodzi, koma kukachitika zaka khumi kumasintha thupi lonse. Funso lenileni ndi lakuti n'chifukwa chiyani anthu ambiri chotere ayamba kupitirira mlingo nthawi imodzi, popeza sizingatheke kuti mtundu wonse wasanduka wadyera m'zaka makumi atatu.

Anthu ambiri amafulumira kuloza chala nsima, koma makolo athu ankadya nsima yochuluka ndipo ambiri sankanenepa. Chimene chasintha kwambiri ndi zimene zaonjezeka pambali pa nsimayo. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi ma calorie 9, pamene galamu ya ufa, shuga kapena zomanga thupi ili ndi 4 okha, ndipo sipuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi ma calorie pafupifupi 120. Mbatata, chinangwa ndi nthochi zimene kale zinkaphikidwa kapena kuotchedwa, lero zimalowa m'chiwaya. Tchipisi, mandasi, zitumbuwa ndi zibwente ndizo chakudya chotsika mtengo chimene munthu angachipeze msanga pa depoti kapena pamsika, ndipo zonsezi zimamwa mafuta. Ndiwo zotendera ndi nsinjiro, nandolo ndi masamba a m'munda zayamba kuonedwa ngati zaumphawi poyerekeza ndi zokazinga. Ngakhale ufa weniweniwo unasintha, chifukwa ufa woyera umachotsedwa gaga amene amachedwetsa chakudya m'mimba, kotero kuti munthu amamva njala msanga kusiyana ndi amene wadya mgaiwa.

Shuga ndiye wobisika kwambiri, chifukwa zakumwa sizikhutitsa ngati chakudya chotafuna. Tiyi amene amalimidwa m'maboma athu alibe mphamvu yonenepetsa akakhala yekha, koma kapu imodzi yothiridwa masipuni anayi kapena asanu, kawiri kapena katatu patsiku, imafikitsa munthu pa malire asanadye china chilichonse. WHO imalangiza kuti shuga woonjezera asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu ya tsiku, amene ndi masipuni aang'ono pafupifupi 12, ndipo imati ndi bwino koposa kutsika kufika pa 6. Botolo limodzi la chakumwa chozizilitsa kukhosi la mamililita 300 limakhala ndi masipuni pafupifupi 8. Thobwa wothiridwa shuga ndi zakumwa zosungunula ndi madzi zimaonjezera pomwepo. Mowa nawo uli ndi ma calorie 7 pa galamu iliyonse, ndipo masese amabweranso ndi ufa wake, n'chifukwa chake abambo ena amene amadya pang'ono kunyumba amakula mimba.

Kusintha kwachiwiri kuli pa kagwiritsidwe ntchito ka thupi. Ulendo umene kale unali wapansi lero ndi wa kabaza wa njinga yamoto, chigayo chinalowa m'malo mwa mtondo, ndipo mjigo unafupikitsa njira ya kumadzi. Zimenezi ndi zabwino ndipo palibe amene angafune kuti amayi abwerere ku mavuto akale, koma thupi limene lapepukidwa ntchito limafuna chakudya chocheperapo, pamene mbale siinasinthe. Wothyola tiyi amene amayenda m'mizere ya pamtunda ndi dengu kumsana amatentha mphamvu yambiri, ndipo akakwezedwa kukhala kapitawo kapena akapuma pa ntchito, chizolowezi cha kudya chimatsala chomwecho. Amayi ogulitsa malonda amene amakhala pansi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, madalaivala, alembi a m'maofesi ndi aphunzitsi onse ali pa chiopsezo chomwechi. Mlingo umene WHO imapereka kwa akuluakulu ndi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za ntchito yofulumizitsa mtima pang'ono, monga kuyenda ndawala kapena kulima.

Koma chakudya ndi ntchito sizimaliza nkhani, chifukwa anthu awiri angadye mofanana, wina n'kunenepa wina ayi. Kafukufuku wochitidwa pa mapasa amasonyeza kuti pakati pa magawo 40 ndi 70 pa 100 a kusiyana kwa matupi a anthu amachokera ku chibadwa chotengera kumtundu. Mu 1994, Jeffrey Friedman ndi anzake ku New York anatulukira leptin, homoni imene mafuta a m'thupi amatulutsa pouza ubongo kuchuluka kwa zimene zasungidwa. Munthu akayamba kuonda, leptin amatsika, ubongo umaona ngati kwagwa njala, chilakolako cha chakudya chimakula ndipo thupi limayamba kugwiritsa ntchito mphamvu mosinira. Ichi ndicho chifukwa chake ambiri amene amachepetsa thupi amabwerera pomwe anali, ndipo si chilungamo kuwanena kuti ndi ofooka mtima. Kusagona mokwanira ndi nkhawa ya nthawi yaitali zimasokonezanso mahomoni omwewa.

Mbali imene ikutikhudza kwambiri ife ndi ya chiyambi cha moyo. Kumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, m'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, dziko la Netherlands linagwa m'njala yoopsa. Patapita zaka, madokotala anapeza kuti anyamata amene amayi awo anakumana ndi njalayo m'miyezi yoyambirira ya pakati ankanenepa kwambiri atakula kuposa anzawo. Dokotala wa ku Britain, David Barker, anasonyezanso kuti ana obadwa ochepa thupi amakhala pa chiopsezo chachikulu cha matenda a mtima ndi a shuga akakula. Thupi limene linayamba moyo m'kusowa limakonzekera kusowa, ndipo likadzakumana ndi mafuta ndi shuga wotsika mtengo limasunga mwamsanga, makamaka pamimba. Munthu wopinimbira amakhalanso wamfupi, choncho makilogalamu ochepa amamufikitsa pa malire. Apa m'pamene njala ndi kunenepa zimakumanirana, ndipo kulimbana ndi kunyentchera kwa ana ndi amayi oyembekezera lero kulinso njira yochepetsera matenda a shuga a zaka makumi anayi zikubwerazi.

Kuchuluka kwa vutoli pakati pa amayi kuli ndi zifukwa zake. Mwachibadwa thupi la mayi limasunga mafuta ambiri kuposa la bambo, ndipo pakati paliponse pamasiya makilogalamu ena amene sachoka onse, makamaka ngati ana abadwa motsatizana. Amayi ena amanenepa akamagwiritsa ntchito jakisoni wolera wa miyezi itatu, ngakhale kuti si onse. Pamwamba pa izi pali maganizo athu, akuti mkazi wonenepa ndi umboni wakuti pabanja pali mtendere ndipo mwamuna akusamala, moti mawu akuti "mwanenepatu, mayi" amalandiridwa ndi chimwemwe. Maganizo amenewa analimbitsidwa ndi zaka zowawa za Edzi, pamene kuonda kunali chizindikiro cha imfa ndipo maboma athu anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Amene anaona abale awo akutha ndi kaliwondewonde sangaone kuonda mopepuka, ndipo mpaka lero munthu amene wachepetsa thupi mwadala amayamba kunong'onedwa. Mantha amenewa ndi enieni, ndipo uphungu uliwonse wonyalanyaza zimenezi sungapite patali.

Mankhwala ena nawonso amanenepetsa. Kuyambira mu 2019, dziko la Malawi linayamba kusamutsira anthu ambiri omwa ma ARV ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene ndi amphamvu kwambiri pochepetsa kachilombo m'magazi, koma kafukufuku wina, kuphatikizapo amene anachitika ku Johannesburg, anasonyeza kuti anthu ena, makamaka amayi, amawonjezera thupi akamamwa mankhwalawa. Gawo lina la kunenepako ndi thupi kubwerera m'chimake pambuyo pa matenda, ndipo phindu la mankhwalawa ndi lalikulu kwambiri kuposa vutoli, choncho palibe amene ayenera kusiya kumwa. Choyenera ndi kuuza adokotala kuti aziyang'anira kulemera, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Mankhwala a prednisolone akamwedwa nthawi yaitali, mankhwala ena a matenda a maganizo ndi a khunyu, komanso kufooka kwa chithokomiro, zingathenso kukweza thupi. Zimandidetsa nkhawa kwambiri kuti pali anthu amene amagula mapiritsi m'misika n'cholinga chofuna kunenepa, osadziwa kuti ena mwa iwo amakweza shuga ndi kufooketsa mafupa ndi chitetezo cha thupi.

Munthu amene muyeso wake wadutsa malire safunika kubwerera ku thupi la paunyamata kuti apindule. Kuchepetsa magawo 5 mpaka 10 pa 100 a kulemera kwake, kutanthauza makilogalamu 4 mpaka 8 kwa munthu wolemera makilogalamu 80, kumatsitsa kale shuga ndi kuthamanga kwa magazi ndipo kumapepukitsa mawondo. Koma asanayambe chilichonse ayenera kuyezetsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi, kaya pa chipatala cha boma ku Mulanje kapena ku Thyolo, ku Mulanje Mission, ku Malamulo, kapena pa chipatala chaching'ono cha pafupi, chifukwa zonse ziwiri zimatha kukhala zaka zambiri osapweteka paliponse. Kafukufuku wa 2009 uja anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, pafupifupi 6 pa 100 anali ndi shuga wokwera, ndipo ochuluka kwambiri mwa amene magazi awo ankathamanga sankadziwa n'komwe.